Tsiku Limene Ndinakwecha Injini Ngati Mapoto

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaononga injini yanga yoyamba, ndipo ndinaiononga ndi mtima wabwino zedi. Chinali chaka chimene mayi anamwalira. Tinatsala awiri m'nyumba ya lendi ku Chilomoni, kumtunda kumene msewu umasanduka miyala yokhayokha, ine ndi bambo anga, makaniko wopanda galaja. Galaja yawo inali pabwalo pathu pomwepo, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene dothi linada bii ndi oyilo mpaka udzu unaleka kumerapo.

Bambo sanali munthu wolankhula. Mayi ali moyo ndiwo ankalankhulira nyumba yonse, bambo n'kumangovomera ndi mutu. Mayi atapita, m'nyumba munangoti zii. M'mawa tinkamwa tiyi osayang'anana, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkapeza miyendo yawo yokha ikuonekera kunsi kwa galimoto. Anzanga anayamba kundizemba, osati mwa nkhanza, koma sankadziwa choti anene kwa mwana wamasiye. Ndinkangokhala pakhonde kumvetsera kulira kwa sipanala. Ndinasungulumwa kwambiri chaka chimenecho, komabe ndinkaona kuti bola kusungulumwa pafupi ndi bambo kusiyana ndi kupita kwina.

Kwinako kunali ku Phalombe, kwawo kwa mayi. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo pamaliro pomwepo akuluakulu anagamula kuti mwana wamkazi sangakulire m'manja mwa mwamuna yekha, wongokhalira kunsi kwa magalimoto. Anagwirizana kuti sukulu ikatsekera, amalume, mlongo wawo wa mayi, adzabwera kudzanditenga. Bambo sanatsutse, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa chigamulocho. Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndiwaonetsa kuti ndine wofunika pakhomopo, mwina angatsegule pakamwa n'kunena kuti mwanayu asapite. Ndinkasesa kawiri pa tsiku, kuchapa maovolosi awo mpaka zala kusupuka, kuphika ndiwo zimene kawirikawiri zinkapserera. Iwo ankangodya n'kunena kuti zikomo.

Sabata yomaliza ya sukulu kunabwera pikapu ya mayi wina amene ankapikula kabichi ndi tomato n'kumagulitsa pamsika. Inali itawira panjira, oyilo wake atasanduka ngati tiyi wamkaka. Bambo anangoti gasiketi yapsa. Anamasula mabawuti n'kuchotsa hedi, chitsulo cholemera chimene chimavindikira injini pamwamba, ndipo panaoneka buloko, thunthu lenileni la injiniyo, lokhala ndi mabowo anayi akuluakulu a mapisitoni ndi timabowo tambiri m'mbali mwake. Gasiketi ndi kachinthu kopyapyala kamene kamagona pakati pa zitsulo ziwirizi kuti madzi, oyilo ndi moto zisakumane. Yakaleyo inali itapserera n'kumatirira pabulokopo, zigamba zakuda ngati nkhoko. Bambo anatseka mabowo onse ndi sanza, n'kutenga lezala n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, akupukuta ndi kansalu konyowa ndi petulo. Dzuwa linapendeka atangoyeretsa pamalo pofanana ndi chikhatho changa. Ine ndili pakhonde ndinkangoti mumtima, azibambo kukwecha sadziwa.

Lachisanu tinatsekera sukulu masana asanakwane. Nditafika pakhomo ndinapeza bambo kulibe. Aneba anati apita ku Limbe ndi hedi ija kukaipaletsa pa makina. Amalume anali oti abwera m'mawa mwake, ndipo chikwama changa chinali chitalongedwa kale pakona.

Ndinavundukula katoni imene bambo anaphimbira injini, n'kuona kuti theka la buloko likadali lakuda. Pomwepo ndinadziwa chochita. Mayi anandiphunzitsa kukwecha mapoto ndi mchenga wosakaniza ndi phulusa mpaka munthu kudzionera nkhope, ndipo chitini chawo cha mchenga chinali chikadali kuseri kwa khitchini. Choyamba ndinazula sanza zonse m'mabowo muja, poti zinali zakuda zochititsa manyazi, n'kuzichapa ndi sopo n'kuziyanika pachingwe. Kenako ndinakwera patayala, kasaka m'manja, n'kuyamba kukwecha ndi mphamvu zanga zonse. Potsukuluza ndinkathira madzi ndi kapu, madziwo n'kumalowa m'mabowo osaonekanso, ine n'kumakondwa kuti sindivutika ndi kupukuta. Pomaliza chitsulo chija chinkawala moti ndinaimirira chapatali kuchisirira. Ndinasamba, n'kuvala diresi la kutchalitchi, n'kukhala pakhonde kudikira.

Bambo anafika dzuwa likadalipo, hedi ili paphewa atayikulunga m'thumba, thukuta lili kamukamu chifukwa cha chitunda chochokera pasiteji. Chimene anayamba kuona ndi sanza zili pachingwe. Anatsitsa katundu wawo pansi mofatsa, n'kupita painjini, n'kupisa chala m'bowo limodzi. Atachitulutsa anatikita zala ziwiri pafupi ndi khutu, ndipo ngakhale ine ndinamva mchenga ukulira.

“Edina, wagwiritsa ntchito chiyani apa?”

“Mchenga ndi phulusa, adadi. Ngati mapoto.”

Anakhala patayala lija, manja ali pamaondo. Kenako anati, “Kuwala si nkhani, mwana wanga. Apa pamafunika pakhale posalala, ndipo m'katimo musagwere kanthu. Kamchenga kamodzi kakalowa m'njira ya oyilo kamadya injini yonse ngati anankafumbwe m'chimanga.” Sanandimenye, sanakweze ngakhale mawu. Ndinalakalaka akanangondikwapula, chifukwa mkwapulo umatha. Ndinaona kuti mwayi wanga womaliza ndautaya ndekha, ndipo tsopano ali ndi chifukwa chabwino chondipereka.

Amalume anafika Loweruka m'mawa, jekete lili pamkono. Nditatuluka ndi chikwama, bambo analankhula ataimirira pafupi ndi pikapu, maso ali painjini.

“Alamu, mwanayu sanyamuka lero. Waononga injini ya eni ake, ndipo aikonza ndi manja ake omwewo. Ikalira, mudzamutenge.”

“Mwana wamkazi, alamu? Nanga zitenga masiku angati zimenezi?”

“Iuzeni injiniyo ikuyankheni.”

Amalume anapukusa mutu n'kupita kukadikira kwa achibale ku Bangwe. Ine ndinaima pamenepo manyazi atandigwira mpaka m'mapazi. M'mawu onsewo ndinangomvamo chilango.

Tsiku lomwelo anamangirira tcheni panthambi ya mapeyala, aneba awiri n'kuwathandiza kuzula injini yonse m'galimoto. Anaimasula chimodzichimodzi, n'kuyala zitsulo pa lata lakale, chilichonse pamalo pake. Ntchito yanga inali kutsuka m'beseni la parafini ndi mswachi wotha. Ndikamaliza chitsulo, bambo ankachipukuta ndi kansalu koyera n'kukayang'ana padzuwa, ndipo kakangooneka kadontho ankandibwezera. Zina ndinazitsuka kanayi, ine osaona cholakwika. M'timabowo ta oyilo ankathiramo parafini, ine n'kumapopa ndi pampu ya njinga mpaka mikono kuwawa. Fungo la parafini linandilowa m'tsitsi, m'zovala, ngakhale m'chakudya. Lamulungu bambo, amene anali asanapondeko kutchalitchi chiikireni maliro, anati tsiku la Mulungu sitigwira zitsulo.

Penapake m'masiku amenewo bambo anayamba kulankhula. Poyamba ankangotchula mayina a zitsulo. Kenako anandigwira dzanja n'kundionetsa kapalidwe ka lezala, kuligoneka pafupifupi chogona, osakumba, kulisiya lidzipezere lokha chimene chamatirira. Anandionetsa kupukuta ndi petulo mpaka kansalu kabwerere koyera, ndiponso kugoneka rula yachitsulo pabuloko n'kusuzumira kunsi kwake ngati kuwala kukudutsa. Tsiku lina ndikutsuka mabawuti anati, “Amayi akonso ankakwecha choncho, mpaka mapoto kubooka.” Anaseka, koyamba chimwalirireni mayi, kenako anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba. Anakhalitsako, ndipo ine sindinawatsatire.

Mwini pikapu anabwera kawiri akulalata kuti anzake amulanda makasitomala pamsika. Bambo sananditchule n'komwe, anangoti vuto ndi lawo, ndipo mayiyo analumbira kuti galimoto yake sidzapondanso pakhomo pathu. Amalume anabwera Lachitatu, anabweranso Loweruka, ndipo maulendo onse awiri anauzidwa kuti sinathe.

Pa tsiku lakhumi tinagoneka gasiketi yatsopano pachitsulo choyera, chouma, chosawala nkomwe. Bambo anamanga mabawuti a hedi kuyambira pakati kupita m'mbali, akundiuza kuti ndiziwerenga. Atapotokola kiyi, injini inatsokomola kawiri n'kulira bwinobwino. Ndinawomba m'manja n'kudumpha, ndipo ndili m'mwamba momwemo ndinakumbukira tanthauzo la kulirako. Bambo anaisiya ikulira nthawi yaitali, akumvetsera, ngati akufuna kupezamo vuto lina. Sanalipeze.

M'mawa mwake amalume anabwera kudzanditenga, ndipo bambo anandinyamulira chikwama mpaka pasiteji. Minibasi itadzaza anandiuza pawindo kuti ndizikalimbikira sukulu, basi. Ku Phalombe anandisunga bwino, sindingawanamizire, koma kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti bambo anandilanga masiku khumi n'kundipereka mtima uli m'malo. Ndikabwera pa holide ndinkawayankha mwaulemu ngati alendo. Anamwalira ndili ku sekondale, tisanakambiranepo za mchenga uja ngakhale kamodzi.

Lero ndine makaniko, ndili ndi kagalaja kanga ku Zingwangwa, ndipo aliyense amene ndimamuphunzitsa amayambira pa lezala ndi sanza zotsekera mabowo. Nditangoyamba kugwira ntchito pandekha, munthu wina anandibweretsera injini imene inalowa dothi, yofunika kuimasula yonse n'kuitsuka ngati ija. Zipangizo zanga sizinkaposa za bambo, ndipo liwiro lawo ine ndilibe, poti ku Chilomoni konse ankadziwika ndi manja ofulumira. Komabe ndinaimaliza masana a tsiku lachiwiri. Ndinaima pamenepo manja ali oyilo yekhayekha, n'kuwerenga pazala masiku amene ife tinatha pansi pa mapeyala paja.

Bambo sakanatha kutsutsana ndi akuchikazi, ndipo mawu oti mwana wanga usapite analibe. Chimene anali nacho ndi injini yomasula basi, ndiye anaikoka mpaka pamene sikanakokekanso. Injiniyo inkafuna masiku awiri okha. Asanu ndi atatu enawo anali anga, ndipo ndinazindikira zimenezi bambo atagona kale kumanda.