Khoma, chibokosi, gemu

Ine zopita ku Ireland ndinazikana kawiri. Kachitatu ndinavomera chifukwa Esinala analira pa foni. Esinala ndi mwana wanga wachiwiri, amasamalira nkhalamba za azungu ku Dublin uko. "Amayi, masiku anga ayandikira, bambo a kunyumba ali pa shifiti usiku ndi usana, ndani andigwirire khanda?" Mukanakhala inu mukanatani? Ndinamanga chikwama.

Vuto linali Tadala, mdzukulu wanga, mwana wa malemu Chifundo, chisamba changa. Chimwalirire bambo ake, mtsikana ameneyu amagona chipinda chimodzi ndi ine kuno ku Bangwe. Ndinamusiya m'manja mwa achimwene anga aakulu, a Layisoni. Tsiku lonyamuka sanalire ayi. Anangoima pakhomo, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Pitani agogo. Aliyense amapita." Mawu amenewo ndinakwera nawo ndege, anthu inu.

Ku Coolock kumene amakhala Esinala, eee! Dzuwa lake ngati tochi yotha mabatire. Nyumba zofanana zokhazokha, tsiku lonse osamva ngakhale munthu mmodzi akuti odi. Ine munthu wapakamwa ndinafika polankhula ndi ketulo. Khanda likagona ndinkatenga foni n'kumakuwira Tadala mavoisi. "Tadala iwe! Wadya? Mayeso bwanji? Kuno ndavala masokosi atatu!" Esinala ankayang'ana pa foni n'kundiuza kuti Tadala wamvera. Koma yankho, zii. Ndikafunsa achimwene, iwo amvekere, "Ali bwino mlongo, kungoti amadzitsekera m'chipinda, chakudya amangojompha ngati nkhuku yachitopa." Mantha anga anali amodzi, kuti ndidzabwerera n'kupeza mwana amene salinso wanga.

Tsiku lina Esinala akuyenda m'zithunzi zakale za mu foni, ndinati ima pamenepo! Chifundo ali pamkeka, Tadala ali kamwana pamiyendo pake, aliyense wagwira chogwirira chake cha gemu. Kutsogolo kwawo kuli gemu ya pa TV, yoyera ndi yofiira, imene Chifundo anabwera nayo ku Joni. Chaka chimene madzi analowa m'nyumba, gemu ija inapita pamodzi ndi matiresi, ndipo Tadala anailira kuposa mayunifolomu ake. Ndinati basi, ndikamutengera imeneyi.

"Amayi, zinthu zimenezo zinatha kalekale," anatero Esinala. "Mugulireni foni yatsopano."

"Foni? Kuti azindikhalira chete pa foni yokongola?"

Amene anandithandiza ndi Amai Tembo, mnzanga wa ku tchalitchi, wa ku Zambia. "Imwe amama, manje mulilira chani? Kuli shopu ku Dún Laoghaire, bagulitsa vakudala vekaveka. Tiyende pa Saturday." Vakudala, ndiye kuti zakale. Tinakwera sitima yodutsa m'mphepete mwa nyanja, ine chithunzi chili mu foni, tindalama ta sopo timene ankandipatsa Esinala ndamanga pa chitenje mkati mwa jekete.

Shopu yake yaing'ono ngati okala, koma magemu mpaka kudenga. Mwini wake mzungu wa ndevu zofiira, ndolo kukhutu. Anayang'ana chithunzi chija n'kuseka, n'kulankhula chizungu chothamanga chija cha kumeneko. Amai Tembo akumasulira: "Akuti iyi ya pa chithunzi inali yokopela chabe. Yeniyeni ali nayo, inachoka ku Japan." Anakaitenga ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero. Ndi yomweyo! Koma yachita chikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Atatchula mtengo ndinakuwa mpaka anyamata amene ankasankha makaseti anatembenuka.

"Chinthu chokalamba chotere? Ku Limbe kaunjika akakhalitsa mtengo umatsika, kuno ukukwera?"

Mzungu uja, "Madam, it's vintage."

"Akuti ni chakudala, ndiye chifukwa chidula," anatero Amai Tembo.

"Muuzeni kuti inenso ndine wakudala, wandigula ndani?"

Ndinachita zimene timachita pamsika. Ndinanyamula chikwama, ndinatsonya, n'kumapita kukhomo pang'onopang'ono kuti andiitane kuti bwerani mayi, munene yanu. Ndinangomva, "Bye now!" Ndinapezeka ndili panja, mphepo ya kunyanja ikundimenya makutu, Amai Tembo akuseka mpaka kugwira khoma. "Amama, kuno sibaitana!"

Ndinalowanso, manyazi ndapinda ndaika m'thumba. Ndinamulozera chithunzi ndi chizungu changa chothyokathyoka. "This one, my son. Dead. This one, Tadala." Munthu uja anayang'ananso chithunzi chija. Mtengo sanatsitse ayi, asakunamizeni, koma anaikapo makaseti awiri a basela. Kenako anatulutsa chibokosi chakuda, chaching'ono koma kulemera ngati mwala wa mphero. Akuti magetsi a ku Japan ndi ofatsa, a ku Ireland ndi a kwathu kuno ndi aukali. Gemu ikalumikizidwa kukhoma popanda chibokosicho, phuu, utsi, maliro. Anandibwerezetsa ngati mwana wa sitandade wani, akuloza ndi chala. Khoma, chibokosi, gemu. Khoma, chibokosi, gemu.

Khanda litayamba kukwawa, nthawi yanga inakwana. Pa eyapoti sikelo inakana katundu. Esinala akuti, "Amayi, siyani chibokosichi." Ndinatulutsa majekete awiri ndi nsapato za tchalitchi, chibokosi chinakwera ndege.

Kufika ku Bangwe nyumba inadzaza, ena sindinawadziwe n'komwe. Tadala anabwera, anagwada, "Mwayenda bwanji agogo," ngati akulonjera mlendo wa aneba, n'kukakhala pakona. Ndinati ndikasambe kaye, mwina ndiganiza bwino.

Koma mukudziwa kwathu kuno, katundu wa munthu wochokera kunja si wake. Wamkulu pabanja ndi amene amamasula n'kugawa. Ndili m'bafa kuseri, sopo ali m'mutu, ndikumva mawu a achimwene pawindo. "Mafuta awa a azakhali. Chitenje ichi cha mayi busa. Cholemerachi ndachidziwa, n'chotetezera firiji magetsi akabwera mwamphamvu, ichi ndatenga ine, mayi a kunyumba kasiyeni kwathu. Aaa, iyi ndi gemu ya ana! Koma pulagi yake yachilendo bwanji, timano tiwiri tokha? Bweretsani waya ndi machesi, timange kutimanoti, tilowetse pakhoma."

Anthu inu, sindikudziwa kuti chitenje ndinachimanga bwanji. Ndinangopezeka pabalaza, thovu likutsikira m'maso, madzi ali chuchuchu.

"Layisoniii! Chotsa dzanja!"

Mawaya anali atalowa kale pakhoma, atawapanikiza ndi timitengo ta machesi, chala cha achimwene chili pa switchi. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mlongo, mwanditchula dzina? Pamaso pa ana?"

"Pepani achimwene, mudzandilipitsa nkhuku. Koma chalacho chotsani."

Anachotsa. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ana anakamubweza ali kale pamsewu, chibokosi chili pamutu. Ndinagwada ndekha pansi n'kumalumikiza, ndikuimba mokweza ngati kwaya: khoma, chibokosi, gemu! Zingwe za TV analumikiza anyamata. Tinayatsa. Utsi panalibe, ndinati zikomo Ambuye. Koma pa TV panangooneka mizeremizere. Wina kumbuyo ananong'ona mokweza, "Ulendo wonse wa ku Ulaya kukatola zotayidwa."

Ndiye Tadala anadzuka pakona paja. Anafika pa gemu paja. Anathimitsa, anazula kaseti, anaiuzira kunsi kwake, fuu, fuu, n'kuibwezera.

"Adadi ankatere," anatero.

Kanyimbo kanalira, tii-tiri-tii, kamunthu kakudumpha pa TV. Ana anakuwa, achimwene anaomba m'manja ngati anakonza ndi iwo. Tadala anakhala pansi, anagwira chogwirira chimodzi. Chinacho ana anayamba kulimbirana.

"Ayi," anatero Tadala. "Icho ndi cha agogo."

"Ine mwanawe? Sindidziwa ngakhale poyambira."

"Adadinso ankangogwera m'dzenje. Khalani."

Ndinakhala pambali pake, chitenje chonyowa chomwecho. Maso ake ali pa TV, anayankhula motsitsa kuti ena asamve. "Mavoisi anu ndinkamvera onse, ena kawirikawiri. Ija ya masokosi ndinaiseka."

"Nanga osayankha bwanji, mwana woipa iwe? Ine kuonda kuja!"

"Ndikanayankha mukanaganiza kuti ndili bwino. Simukanabwera."

Ine miyezi yonse ija ndinkati mwana wanditaya, pamene iye kukhala chete kuja ankandikoka kuti ndibwere. Ndinalira, ndinanamizira sopo. Tadala anandigunda ndi chigongono.

"Agogo, dinani apa. Dumphani! Dumphani!"

Ndinagwera m'dzenje.