Wotchi ya m'ndege ya a Zakariya

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha munga. Ndinkagulitsa mbatatesi pa Kalomwe, pafupi ndi kabenchi ka a Fabiyao, okonza mawotchi. Tsiku lina anandiona ndikuzula munga kuchala kwa mnzanga, n'kuti, "Mwanawe, dzanja lakoli silinjenjemera. Ubwere mawa."

Anandiphunzitsa kuvala lupa, kagalasi kapadiso kaja, kugwira ndi pinsa, kambaniro kakang'ono, osati zala, kutsuka timawilo m'benzini ndi kudontheza mafuta ndi nsonga ya singano. Itatha miyezi isanu ndinayamba kudzimva, ngati ndine ndinalenga nthawi.

Tsiku lina a mestri, aphunzitsi angawo, ali kumaliro ku Fonte Boa, kunafika a Zakariya a ku Lifidzi, amene kale ankakonza ndege za asilikali. Anamasula kansalu n'kutulutsa chiwotchi chakuda, cholemera ngati mwala, cha zopukusira ziwiri. Chinali cha kutsogolo kwa woyendetsa ndege. Ukadina chopukusira chakumanzere, kamuvi kena kankayamba kuwerenga maola amene ndege yakhala m'mwamba.

"Masiku ano imatigawira madzi kudimba," anatero. "Tilipo asanu ndi awiri pa ngalande imodzi, ndipo wotchi imeneyi yokha ndi imene sakangana nayo. Yaima dzana. Ina yotere kulibe, mama."

Ndikanadikira a mestri. Koma ine, katswiri, ndinawauza kuti akazungulire kumsika kaye.

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti usanamasule chitsulo chophimba mawilo, uyambe wachotsa korda, mphamvu ya sipuling'i: umagwira chopukusira, n'kukweza kambedza kotsekera, sipuling'i n'kumamasuka pang'onopang'ono. Timawotchi ta pamkono tinkabwera titatha kale mphamvu, ndiye ndinazolowera kulumpha zimenezo. Sindinadziwe kuti a Zakariya, mwa chizolowezi cha kuusilikali, ankaipukusabe m'mawa uliwonse ngakhale itaima.

Nditangomasula wononga wachitatu, ndinamva fwrrr! Chitsulo chinatukuka, wilo limodzi n'kuuluka. Ndinagwada m'fumbi n'kumasefa dothi ndi zala. Amayi ogulitsa nyemba pafupi nane anaimitsa njinga za onyamula katundu, wina akukuwa kuti, "Musaponde apo, mwanayu watayitsa ndege!" Ndinaseka, misozi ili m'maso.

Wilolo linapezeka m'lichero la nyemba. Ndinaliyang'ana ndi lupa, dzino ndi dzino, kenako timisomali take ta mbali zonse ziwiri. Palibe chinathyoka. Mtima unakhala pansi. Chimene chinaimitsa wotchiyo chinali mafuta akale atauma ngati utomoni. Ndinatsuka, n'kudontheza atsopano, n'kubwezera chilichonse pamalo pake ndikupemphera. Nditapukusa katatu, inayamba kugunda.

A Zakariya atabwerera ndinawaululira zonse. Anaiika kukhutu nthawi yaitali, n'kudina chopukusira chija, kamuvi n'kunyamuka.

"Ife tikamagwira ndege, tinkayamba tafunsa amene waigwira komaliza," anatero. "Iwe sunandifunse."

Lero ndili ndi benchi langa ku Ulongwe. Munthu akanditulira wotchi, ngakhale ioneke yakufa chotani, manja ndimayamba ndawaika pamiyendo, n'kufunsa kuti, "Mwaipukusa liti?"