Mitsamiro ya Maliro ya Mayi Paraschiva

Mayi Paraschiva anatuluka m'chipatala masamba a mphesa atayamba kufiira. Anali atagwa pamakwerero akuthyola mphesa za pamwamba pa khonde, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, madokotala n'kuikamo lachitsulo. Powatulutsa anawalangiza mwamphamvu kuti asagone pamalo otsika, asapingase miyendo, azigona chagada ataika mtsamiro wonenepa pakati pa mawondo. Akapanda kutero fupa latsopanolo likhoza kuguluka, ndiye abwereranso kumpeni.

Iwo anavomera zonse ndi mutu, monga ankachitira moyo wawo wonse akamalankhula anthu ovala zoyera. Anabadwira m'mudzi womwewu, anakwatiwa ndi Gavril wa tsidya la msewu, ndipo utsikana wawo unathera m'minda ya fodya ya boma, kuthyola ndi kusoka masamba mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Ndi thukuta limenelo anamanga nyumba yaikulu ya mawindo abuluu, koma monga aliyense kuno, sanagonemo. Ankakhala m'kanyumba ka kuseri, momwe muli mbaula ndi sofa yakale yobonya pakati. M'menemo analeleramo ana awiri. Valeriu anapita ku Russia n'kungoti zii. Lidia ali ku Italy, akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake. Gavril anamwalira kalekale.

Pa sofa ija tulo tinakana. Akati agone, thupi linkamira m'dzenje la pakati, chiuno n'kuyamba kubaya. Anapinda chijasi cha malemu n'kuika pakati pa miyendo, koma mabatani ankawakanda ndipo chinkapululuka. Pamapeto pake anayamba kuchezera pampando, ndodo zoyendera atazitsamiritsa patebulo. Miyendo inatupa ngati mikate yofufuma. Masana ankangoti kusinza pang'ono, kudzidzimuka, kuyang'ana pawindo msewu wopanda munthu.

Raisa, namwino wa m'mudzi, atabwera kudzatsuka bala anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Amayi, maso amenewa mwagona liti?"

"Ndikugona, mwanawe."

"Mukugona pati? Pa chigwa ichi? Ngakhale galu wanga angadzuke ndi msana." Anakankha sofa ndi bondo, iyo n'kulira. "Paja m'nyumba yaikulu muli bedi lalitali, mitsamiro mpaka kudenga. Mukusungira mfumukazi ya kuti?"

"Imeneyo si yogonera."

"Ine nditumiza uthenga kwa Lidia. Sindifuna kudzakutolani pansi pano."

Lidia anaimba tsiku lotsatira, akulankhula monong'ona chifukwa nkhalamba yake inali itangogona. Sakanatha kubwera nyengo yozizira isanathe. Anali atafunsa kale za nyumba yosungirako okalamba m'tauni, kuli mabedi okwera ndi kutsika, kuli otembenuza odwala.

"Mama, ngati Raisa akapezanso kuti simukugona, ndikulembetsani. Sindinganyamule nkhawa ziwiri."

"Nanga nkhuku zanga?"

"Nkhuku, Mama? Tikunena za mwendo wanu."

A Paraschiva anafunsa, "Lidia, mitsamiro ya m'nyumba yaikulu ija, ukudziwa kuti wa maluwa ofiira ndi wa ndani? Nanga wa mphesa?"

"Tidzaona nthawiyo ikadzafika. Ndikudula, nkhalamba yanga yadzuka."

Masana amenewo anadzikoka ndi ndodo zawo kudutsa pabwalo, n'kutsegula nyumba yaikulu. Munali fungo la masamba ouma onunkhira omwe anapachika kuseri kwa chithunzi cha oyera mtima. Makoma anali okuta ndi makalapeti oluka okha. M'chipinda chimenechi anachitira phwando la ubatizo wa ana, ndipo m'menemo anagonekamo Gavril anthu akumulira. Pakona panali bedi lija, lalitali kufika m'chiuno, pamwamba pake mitsamiro itasanjikizana, waukulu pansi, waung'ono pamwamba.

Nthenga zake anazisonkhanitsa zaka zambiri kwa atsekwe awo, kuzisadzula imodziimodzi m'nyengo zozizira. Mitsamiroyi inali ya tsiku la maliro awo. Kuno munthu akamwalira, abale amagawa zinthu zatsopano kwa anthu, chilichonse ndi kandulo yoyaka ndi mkate, ndipo chimene chaperekedwa m'dzina lako ndicho ukachipeze kutsidyako. Wopanda womugawira mtsamiro akatsamira dothi mpaka kalekale. Koma uyenera kukhala woti mwini wake sanaugonerepo. Chakale sichiwoloka.

Anausisita wa maluwa ofiira. Akaugonera, ataya wa kumwamba. Akausiya, awatengera kutauni, akafere m'chipinda cha anthu osawadziwa, ndipo mitsamiroyi idzadyedwa ndi njenjete chifukwa Lidia sadziwa n'komwe mwini wa uliwonse.

Panali njira imodzi imene akuluakulu ankachita akaona kuti ana sangadalirike: kugawa wekha udakali moyo. Vuto lake, chopereka chimatuluka pageti ndipo sachipempha. Ukangonena kuti "udzandibwereke", mphatso yafa.

M'mawa anatuma Raisa kuti akaitane Zinovia, mlongo wake wa malemu Gavril. Awiriwa anakhala zaka akulumana chifukwa cha mtengo wa m'malire wobala mtedza wa chigoba cholimba, woti mizu ili kwa uyu, nthambi kwa uyo. Zinovia anali wodziwika kuti chikalowa m'nyumba mwake sichionanso dzuwa. Koma mumsewu wonsewo, nyumba zofuka utsi zinali zitatsala zowerengeka, ndipo wachibale anali yekhayo.

Analowa akupuma mwaphuma, mpango uli pamphumi.

"Ndamva kuti akuikani chitsulo, alamu. Ndiye mvula ikagwa muzichita dzimbiri?"

"Dzimbiri lili pa lilime lanu. Khalani pansi."

"M'nyumba yaikulu? Kodi wafa ndani?"

"Palibe. Ndikufuna ndigawe ndekha."

Zinovia anayang'ana patebulo. Panali mkate wopota, kandulo, ndi tambula ya vinyo. Nthabwala zinamuthera. Anakonza mpango wake n'kuimirira bwinobwino.

A Paraschiva anayatsa kandulo. Anatenga mtsamiro waukulu, anaikapo mkate, n'kuupereka ndi manja awiri, chigongono chili patebulo kuti asagwe.

"Landirani, alamu. Kuno ukhale wanu, kutsidya ukhale wanga."

"Mulungu alandire," anayankha Zinovia, n'kupsompsona mkatewo.

Anaperekanso wa maluwa ofiira, ndi chofunda chaubweya. Zinovia anamwa vinyo, anamanga zonse m'nsalu, n'kusenza. Pakhomo anacheuka.

"Palibenso china choti munene?"

"Palibe."

"Chabwino. Nthenga zabwino izi. Msana wanga udalitsika."

Geti linalira, n'kutsekeka. A Paraschiva anakhala pamphepete pa bedi lija, koyamba kulikhalira chimangireni nyumbayi. Linali lolimba, lokwera bwino, mapazi ankangofika pansi osapinda chiuno. Koma otsalawo anali timitsamiro ting'onoting'ono todzagawira ana amene anawaimira pa ubatizo, tosathandiza kanthu. Anamvetsera. Kunja nkhuku zinkapalasa. Basi ya masana inadutsa osaima. Anaganiza za Zinovia akufutukula katundu, akumukankhira m'bokosi lake lamaloko. Anadzitukwana chamumtima kuti ukalamba wawapusitsa, apereka chuma kwa fisi. Dzuwa linachoka pakalapeti n'kukwera khoma. Sanadye. Anayamba kuwerengera m'mutu zoti adzanyamule popita kutauni, n'kupeza kuti n'zochepa zedi.

Ng'ombe zikubwera kubusa, geti linaliranso. Zinovia analowa chobwerera m'mbuyo, akukoka mtolo uja.

"Kwathu mbewa zachuluka," anatero osawayang'ana kumaso. "Zingandibowolere mitsamiro yanga. Mundisungire kuno. Koma muziigonera, nthenga zikakhala osazipanikiza zimanunkha."

"Mwachedwa bwanji?"

"Ndimafuna ndione ngati mungabwere kudzapempha, ndikusekeni. Komanso ndinagonerapo pang'ono. Wanga, si wanga? Gonani apa, ndione."

Anawathandiza kukweza mwendo wodwalawo, mwaukali koma mosamala. Waukulu anauika kumutu, wa maluwa ofiira anaukankhira pakati pa mawondo, chofunda anachipinda m'mbali kuti asagubuduke.

"Musandidetsere. Ndipo mtedza wa chaka chino ndi wanga wonse."

"Tengani, mudzathyoke nawo mano."

Zinovia anakoleza moto, anatsekera nkhuku, n'kumapita. A Paraschiva anatsala akuyang'ana denga lomwe analipaka laimu chaka ndi chaka koma sanalionepo atagona. Chiuno chinkagunda pang'onopang'ono, kenaka chinaleka. Anafuna kuuza munthu kuti pano mpofewa, koma munalibe womuuza. Anauza Gavril, chapansipansi.

Raisa anawapeza m'mawa dzuwa litakwera, nkhuku zikulalata m'khola, iwo ali chagada, kukamwa kuli yasa. Anawajambula pafoni n'kutumiza ku Italy. Lidia anayankha ndi mawu ochepa, kuti za kutauni ziyambe zaima.

Chisanu chitayamba kugwa, mwana wa Zinovia anabwera ndi galimoto kudzatenga mayi ake kuti akakhale naye kumzinda wa Chisinau mpaka kutenthe. Zinovia anaima pageti n'kukuwa kuti adzawerenga nthenga zake akadzabwera. Sanabwerenso. Nyumba yake anaikhoma matabwa m'mawindo.

A Paraschiva anachira. Masiku ano amayenda ndi ndodo imodzi, kupita kuchitsime ndi kachidebe kakang'ono. Anasamukiratu m'nyumba yaikulu, chipinda chachikulu chovuta kufunditsa, chokhala ndi mipando yambiri yopanda okhalapo. M'mawa uliwonse amakutumula mitsamiro iwiri ija, kuiyanika pawindo, n'kuibwezera mwaulemu, chifukwa ndi ya eni ake. Mumsewu wawo, madzulo, nyale imayaka pawindo lawo lokha.