Ndinawakuwira kuti ndi wakuba mwana

Anzanga, ena muziti ndapeka, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo mwana ndikumunenayu ali moyo, lero ndi mayi wa ana ake. Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Tinkakhala ku Old Town, bambo a kunyumba ali mesenjala ku Capital Hill, ndipo yunifomu yawo ndinkakachapira ku mtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa msika.

Chaka chimenecho mvula inachedwa, kunja kukutentha koopsa, moti mtsinje unaphwa mpaka miyala ya pakati kuonekera. Tsikulo kumwamba kunali mbee, kamtambo kakuda kali kutali uko ku Dzalanyama, ndiye ndani akanaopa? Amayi anzanga atapita kukaphika ndinatsala ndekha, khanda langa nditaligoneka pamwala wa pakati pa mtsinje, nditalitchingira dzuwa ndi chitenje.

Ndili chiweramire, ndinamva mwamuna akukuwa. Anali bambo wachisilamu, wa mkanjo ndi mzuli, akuti ndichoke msanga madzi akubwera. Inetu pakamwa panga si pabwino! Padooko la amayi mwamuna safikapo, ndiye ndinawalalatira kuti alibe manyazi, madzi ake ati dzuwa lili pamutu chonchi, akasuzumire akazi awo kunyumba.

Iwo anangolumpha miyala, kunyamula mwana wanga, liwiro kukwera kumtunda. Mayo ine! Ndinataya sopo n'kuwathamangira, uku ndikukuwa kuti agwireni, wakuba mwana. Nditangoponda pamtunda, kumbuyo kunamveka mkokomo ngati lole yodzaza ikuwoloka mlatho. Pocheuka, madzi ofiira atasenza mitengo, bango ndi mbuzi yakufa. Mwala uja sunkaonekanso, beseni ndi yunifomu zonse zitapita.

Koma nthawi yolira inalipo? Anthu a mumsika anali atawazinga kale bambo aja, miyala ili m'manja, chifukwa cha mfuu yanga. Ndinakwawa mpaka pakati pawo n'kuwagwira bambowo miyendo, ndikulozera anthuwo kumtsinje. Atacheuka onse, miyala inayamba kugwa yokha m'manja mwawo.

Bambowo anandipatsa mwana, akupuma movutika. Anati ankasamba chakumtunda kukonzekera swala, mapemphero awo aja, pamene anaona madzi akufiira, zinyalala zikubwera, ndipo anadziwa kuti mayi akhoza kukana mawu a mlendo koma sangaleke kutsata mwana wake. Atatero anakonza mzuli wawo n'kulunjika kumzikiti. Ngakhale dzina sindinawafunse, ndinali kungolira.

Ine ndine wa mpingo, koma ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye anawatuma, ndipo mpaka lero ndimawapempherera, iwo ndi ana awo. Inu amayi ochapa kumtsinje, mvula imagwa kumapiri, madzi n'kukupezani kwanu kuli dzuwa. Khanda musaligoneke pakati pa mtsinje. Ndipo munthu akakukuwirani kuti thawani, kaya simukumudziwa, thawani kaye, mukamulalatire muli kumtunda mwana ali kumsana.