Kapepala ka bambo mfumu

Kutchalitchi kwathu ku Ndirande tinali ndi bambo mfumu ochokera ku Spain. Akafuna kuitanitsa msonkhano ankalemba kapepala, pamwamba n'kuikapo liwu limodzi lakwawo: Convoco. Ankati limatanthauza kuti "ndikuitanitsa". Akatekisiti akangoliona sankafunsanso, ankangowerenga pa zolengeza, ndipo woitanidwa sankakana.

Ine ndinali Fomu 2, wotumikira pa Misa, ndiye timapepalato ndinkatidziwa bwino. Mayi anali atandichenjeza kale: "Ukangopalamulanso kamodzi, ukupita ku Nsanje kwa amalume ako. Sukulu ukapitirizira komweko." Koma Loweruka kunali mpira kusitediyamu, ndipo Loweruka mayi sankachoka pakhomo.

Ndinathothola pepala m'kope n'kulemba Convoco wanga, wopendekera ngati wa eni ake: amayi onse, Loweruka, 2 koloko masana. Lamulungu akatekisiti anawerenga mwaulemu, ine ndili kuguwa komweko.

Mpira ndinakaonera. Zigoli musandifunse. Mayi aliyense wogulitsa mtedza ndinkamuona ngati mayi anga.

Ndinaiwala chinthu chimene ngakhale ana a katekisimu ankadziwa: 2 koloko bambowo ankagona. Akadya nkhomaliro, ngakhale wofuna kulapa ankadikira. Amayi anadzaza tchalitchi, anaimba nyimbo mpaka kuzibwereza, kenako anakagogoda pazenera. Akuti bambowo anatuluka tsaya lili ndi mizere ya pilo.

Lamulungu lotsatira kunawerengedwa Convoco weniweni: otumikira onse, aliyense ndi kholo lake, Misa ikangotha.

Anatikhazika pabenchi yakutsogolo, makolo kumbuyo kwathu. Bambo mfumu anakweza kapepala kanga.

"Amene akudziwa dzanja ili anene."

Kanayamba kuyenda m'manja mwa makolo. Sindinacheuke, ndinkangomva kakukhwekhwereza, kakuyandikira. Nditaponya diso, kanali m'manja mwa mayi. Anakayang'ana, n'kukatembenuza. Apo mpamene ndinakumbukira kuti kuseri kwake kunali chithunzi cha mtima wa munthu, ntchito yanga ya Bayoloje.

"Sindikulidziwa, bambo," anatero, n'kupatsira mnzawo.

Pobwerera, ine ndi mayi tinadzera pamsika. Anagula tomato, anapempha ndi basera lomwe. Ine ndinayamba kupuma.

"Tikafika undipatse kope la Bayoloje."

"Ndinabwereketsa, amayi."

"Iwe! Mtima uja sunandionetse wekha, ukunyadira kuti aphunzitsi akuchonga?"

"Nanga bwanji simunanene kuja?"

"Ndidziyalutse ndekha pamaso pa anzanga amene anasiya zochapa zawo? Kalongedze."

Ku Nsanje ndinakhalako matemu awiri. Dzuwa linandiwamba, udzudzu unandidya, amalume ankandidzutsa ndi khasu. Mantha a pabenchi paja mpaka lero ndikamva pepala likukhwekhwereza kumbuyo kwanga amabwerera.

Koma tinene zoona: ndani wina wa Fomu 2 anadzazapo tchalitchi chonse ndi liwu limodzi, n'kudzutsanso wansembe pa 2 koloko?