Achule Omangidwa Miyendo

Mwamuna wanga anali Msena wa kumunsi. Anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kwa Makhuwira, ndipo abale anga sanamukonde kuyambira tsiku loyamba. Ankati amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ine ndinkamukonda, ndipo lero ndikunena poyera chifukwa nthawi imeneyo ndinkachita manyazi kunena. Anali munthu wa bwato. Dambo lonse ankalidziwa, moti chule akalira m'bango ankatha kukuuzani kuti ameneyo ndi wamizere kumsana, winayo ndi wofiira zala, osamuona n'komwe.

Luso lopanda pakeli ndi limene linatibweretsera mzungu, nkhondo ya tengatenga itangotha. Anatsika sitima ku Chiromo, munthu woonda, mphuno yosupuka ndi dzuwa, n'kufunsa za munthu wodziwa achule. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka anamulozera kwathu. Womasulira wake anati bwanayo akufuna kudziwa mitundu yonse ya achule a m'chigwa muno ndi chibale chawo, ngati wa kudambo ndi wa kuphiri ali a mbumba imodzi. Ine mumtima ndinati, munthu kusiya mkazi kutsidya kwa nyanja kudzafunsa mfunda wa chule!

Anayenda miyezi iwiri ndi mwamuna wanga. Chule aliyense ankamuyeza, kulemba kapepala, kukamangirira kumwendo ndi ulusi, n'kumuponya m'botolo la mankhwala onunkha ngati kachasu. Ngakhale finye, ndi kufufuma kwake konse, analowa m'botolo. Kenaka malungo anamugwira mzunguyo, anam'nyamula pamachira kupita naye kumapiri. Bokosi la mabotolo analisiya m'nyumba mwathu, nati adzatuma munthu, lisatsegulidwe.

Chaka chimenecho mvula inakana. Mapira anamera n'kupserera, tinabzalanso, anapsereranso. Akuluakulu anathira nsembe kawiri, kumwamba kuli mbee. Dambo linayamba kuphwa, achule analeka kulira, ndipo ife akazi tinkakumba nyika, timizu ta m'dambo, m'matope kuti ana aone choika m'kamwa.

Cholakwa chinali changa. Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga, anabwera kudzabwereka lichero, ndipo monga mwa chizolowezi chake anayamba kunyoza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wosadziwa khasu. Mtima unandipsa. Ndinati aone kuti mwamuna wanga amadaliridwa ndi azungu, ndiye ndinatsegula bokosi lija. Anayang'ana nthawi yaitali, achule atayera mbuu, ali chagada m'madzi mwawomo.

"Miyendoyi wamanga ndani?" anafunsa.

"Bambo a mwana," ndinayankha monyadira. "Mzungu zala zinkamunjenjemera."

Lichero analisiya pakhomo.

Anabwera m'mawa mwake dzuwa litangokwera, amuna ambiri, akazi pambuyo, mlongo wanga patsogolo atanyamula mpini. Mwamuna wanga anali pakhonde akusoka ukonde.

"Iwe mkamwini," anatero mlongo wanga, ulemu wonse atautaya, "mvula amaitana ndi chule. Iwe wam'manga mwendo, wam'tsekera m'botolo. Ufuna tife tonse utenge minda?"

"Nkhabe, alamu! Pinthu pya nzungu ipi!"

Ankakana, kuti zinthuzo n'za mzungu, koma mantha anam'bwezera ku Chisena chake, ndipo chimenecho chinawakwiyitsa koposa. Mpini woyamba unagwa pakamwa. Ndinaona mano awiri akugwera pa ukonde. Anam'kokera pabwalo ndi miyendo, mutu ukugunda pansi, ndipo aliyense anafuna kufikapo: wina chibonga, wina nsungwi, wina chidendene. Anthu amene anadya nsomba zake zaka zinayi! Mwamuna wanga anatchinga kumaso ndi dzanja lamanja, mlongo wanga anamenya pomwepo, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ngati phesi louma.

Ndinam'lumphira mlongo wanga kumsana n'kumuluma khutu mpaka ndinalawa magazi. Anandigwetsa ndi chigongono, nandiponda pachifuwa, iye amene ndinayamwa naye bere limodzi. Ndili pansi pomwepo ndinamva wina akufuula kuti apite naye mwamuna wanga ku Shire, ng'ona zikaweruze. Anayamba kum'manga ndi chingwe cha ukonde wake womwe.

Sindinaganize. Ndinathamangira m'nyumba, ndinakoka bokosi mpaka pabwalo, ndinatenga munsi.

"Mukufuna achule? Si awa!"

"Leka!" anakuwa mwamuna wanga, magazi ali chuchuchu m'kamwa. "Mai a mwana, leka!"

Ine ndinayesa akuopa chikoti cha mzungu, ndiye ndinamenya. Ndinaswa mabotolo onse, fungo linadzaza bwalo, anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Ndinagwada pa magalasi n'kumadula ulusi ndi mano, chule mmodzimmodzi, mankhwala akundiwotcha milomo, mawondo akuchucha magazi. Akazi anatola achulewo m'lichero lomwe lija n'kukawathira pathamanda louma. Amuna anamasula mwamuna wanga, nabalalika osayang'anana.

Ndinaganiza kuti ndam'pulumutsa. Ndinamangira mkono wake ndi timitengo, ndinkam'mwetsa phala ndi bango chifukwa kukamwa kunali kotupa. Sankandilankhula.

Tsiku lachitatu masana kunachita mdima kumapiri, mphepo inawomba, mvula inagwa yamphamvu. Mudzi wonse unatuluka, nthungululu, ana akuvina m'matope. Inenso ndinaseka, chitsiru ine, ndinathamangira kukauza mwamuna wanga. Ndinam'peza akuyang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu.

"Ukanawasiya m'mabotolo," anatero movutika, "mvula ikanagwa ali momwemo, anthu akanachita manyazi. Tsopano ndine mfiti mpaka kufa."

Pamenepo m'pamene ndinamva chimene ankakuwira.

Mlongo wanga anabwera patapita masiku awiri ndi atsibweni athu, khutu lomanga nsanza, mawu ofatsa. Anati palibe amene adzakhudzenso mwamuna wanga, koma munthu womanga mvula sangagone m'mudzi muno. Mwana ndi wa mbumba yathu, atsala. Za ine anati ndisankhe ndekha.

Mwanayo anali asanaleke kuyamwa, ndipo kumunsiko kunali njala yoposa yathu. Ndinaperekeza mwamuna wanga kudooko. Anakwera bwato la munthu wina, iye amene sanapalasiridwepo ndi munthu chibadwire, nakhala pakati ngati thumba, mkono uli pachifuwa. Ndinati ndidzam'tsata mwana akakula. Anagwedeza mutu osatembenuka.

Sindinam'tsate. Mzungu uja sanatume munthu, ndipo sindidziwa ngati anachira. Tinabzala kachitatu, mapira anacha bwino chaka chimenecho, ndipo pokolola anthu ankandithokoza kuti ndine ndinamasula mvula. Ndinkayankha kuti zikomo, ndipo ndinadya nawo.