Mkamwini Amene Sanatseke Njira

A Nasoni Chikoti anabwera ku Namitete kudzakwatira tsitsi lawo likadali bii, atanyamula khasu ndi mphasa basi. Kwawo kunali ku Kabudula. Monga mwa mwambo wa chikamwini, anamanga nyumba kwa mkazi wawo, a Ezeliya, n'kumalima munda wa akuchikazi.

Mundawo unali ndi mbiri. Anauswa ndi agogo awo a Ezeliya fodya akungofika kumene kudera kuno, ndipo zipupa za nyumba yawo yofukizira fodya zikadali chiimire mpaka lero. Unayambira kuseri kwa mudzi n'kutsetserekera kudambo. Tsidya lina la dambolo ndiko kuli msewu wopita kuchipatala cha mishoni.

Vuto linali pomwepo. Aliyense wofuna kudulira ankadzera m'mundamo. Mwini munda akanaika minga, koma a Nasoni sanali mwini.

"Inu abambo a Natalia," ankakalipa a Ezeliya, "mtedza wanga akuuponda, inu n'kumawapatsa moni?"

"Ine mkamwini nditseke njira ya eni mudzi? Mawa adzandifunsa ngati dothili ndinabwera nalo pamutu."

M'malo mwa minga, anadzala mitengo m'mbali mwa njirazo kuti anthu asamapatukire m'mizere: mango, masuku, mbawa. Anthu anaseka, poti mkamwini wanzeru sadzala mtengo kwa eni.

"Alamu, mbawa zoona?" anawafunsa a Jailos, mlongo wake wa a Ezeliya, amenenso ndi mwini mbumba. "Mukuganiza kuti mukhala kuno mpaka liti?"

"Mpaka mlongo wanu atatopa nane."

A Ezeliya sanatope nawo. Zaka zinapita, mitengo inakula, njira zinaberekana. Ina inkapita kumjigo, ina kutchalitchi, ina kusukulu. Mthunzi unachuluka, chimanga n'kumachepa, moti banja linayamba kudalira dimba ndi kamunda kena kumtunda.

Kenako kunabwera amayi a kuchidikiro, aja oyembekezera amene amakhala pafupi ndi chipatala kudikira tsiku lawo. Anamwino amawauza kuti aziyendayenda, koma kumsewu kuli fumbi ndi njinga za kabaza. Atatulukira mthunzi wa m'mundamo sanausiyenso. A Nasoni anayamba kusesa njirazo m'mawa uliwonse, kuopa kuti wina angaterereke pa mango owola.

"Agogo, lero tsache lachedwa!" anatero mmodzi wa amayiwo tsiku lina.

"Wachedwa ndi mwana wanuyo, mayi. Akudikira chiyani kodi?"

"Akuti atuluka mango akapsa."

"Ndiye ndi mlesi ngati bambo ake!"

A Ezeliya anamwalira nyengo yokolola, atadwala pang'ono chabe. A Nasoni analira mwakachetechete, monga momwe ankachitira china chilichonse. Koma pansi pa chisonicho panali mantha. Ankadziwa kuti akuchikazi akamanga chiliza adzawasudzula, ndiko kuti kuwamasula kuti abwerere kwawo. Kwawo kuti? Ku Kabudula ambiri amene ankawadziwa anatha, ndipo malo a mayi awo anagawana kale ena.

"Ababa, musadandaule," ankatero Natalia, mwana wawo wamkazi. Koma mawu omaliza anali a amalume ake, osati ake.

Posakhalitsa kunamveka kuti munthu wina wa mu Lilongwe akufuna kugula mundawo, auzinge ndi waya. Anabweradi, nsapato zili phuliphuli, n'kuyamba kuuzungulira ndi a Jailos. A Nasoni anali chapatali ndi tsache lawo, akumvetsera. Mlendoyo anapatukira njinga yonyamula wodwala. Atayenda pang'ono anapatukira ana a sukulu. Kenako anakumana ndi mzere wa amayi a kuchidikiro, manja ali m'chiuno.

"Njira zonsezi zitheka kutseka?" anafunsa.

"Tsekani, bambo," anayankha mayi wina akupumira m'mwamba. "Tizidzachirira pageti panupo."

Mlendoyo anati aimba foni. Sanaimbe.

Zitatero, mbumba inakhala pansi kuti igawane mundawo. Mkamwini sakhala nawo pa nkhani yotere, choncho a Nasoni ankangomva mawu ouluka ndi mphepo. Aliyense ankakana gawo lake, ati lili ndi njira pakati, ati mthunzi wake chimanga sichingabereke. Mawu amene anawafika bwinobwino anali a mdzukulu wina wa m'banjamo: "Munda uwu anauwononga ndi mkamwini uja!"

Tsiku limenelo a Nasoni anapinda mphasa yawo n'kuimanga ndi luzi. Nkhuku anapatsa Natalia. Njira anapitiriza kusesa, koma pofika pa mbawa iliyonse ankaima kanthawi, dzanja lili pa khungwa.

Chiliza chinamangidwa. Tsiku lowasudzula anthu anasonkhana m'mawa pansi pa mango, thobwa lili m'ndowa. Ku Kabudula kunachokera munthu mmodzi yekha, mphwawo Chrispin, amene ankangoyang'ana pansi ngati akuganiza kuti nkhalambayi akaigoneka pati.

A Jailos anakonza kukhosi.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Sitinamvepo kuti wagona ndi njala kapena walira chifukwa cha dzanja lanu. Lero takumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani, ngati alipo wokufunani ndi mano awiriwo."

Anthu anaseka. A Nasoni anawomba m'manja mwaulemu.

"Koma pali mlandu," anapitiriza a Jailos. "Munda wa makolo athu munaudzaza njira. Wogula wathawa. Ife kugawana takanika. Ndiye Natalia anati, chosalimika ndi chosagulitsika n'kuchilimbirananso chifukwa chiyani? Tagwirizana kuti mundawo ukhalebe m'dzina la banja, koma ukhale wa aliyense, anthu aziyendamo, azipumamo, mtengo wosadulidwa ndi umodzi womwe. Amfumu avomera, alangizi a zankhalango nawonso akondwa. Ana a sukuluwa akuti dzina lake ndi paki."

A Nasoni anakweza maso.

"Tsono alamu, wowononga ndi amene amakonza. Mukuthawira kuti? Takumasulani ku ukwati, koma kunjirazi ayi. Nyumba ija ndi yanu, ndipo tsiku lanu likadzafika mudzagona pafupi ndi mlongo wathu."

A Nasoni anamwako thobwa limene anawapatsa. Chrispin ndiye anapuma mokweza mpaka aliyense anamva, anthu n'kusekanso.

"Ndiye mphasa ija ndikamasule, eti?" anafunsa a Nasoni potsiriza.

"Munamanga kale?" anakuwa Natalia. "Ababa inu!"

"Nkhuku zija ubwezenso."

Lero mukafika kumeneko mupeza mabenchi a nthambi zogwa zokha, ndi kachikwangwani kolembedwa ndi utoto kuti Kwa Ezeliya. Achinyamata a kutchalitchi anaika timilatho ta mitengo kudambo kuti njira ina izizungulira n'kubwerera pa zipupa zakale zija. Aphunzitsi amabwera ndi ana kudzawaonetsa mitengo imene kwina konse inatha ndi nkhwangwa. Amayi ena amabwera ndi makanda kumsana kudzaonetsa agogo mlesi uja.

Koma a Nasoni okha, mukawafunsa za tsiku lija, sanena za paki. Amati atafika kunyumba anadula luzi, anayala mphasa pakhonde, n'kugona dzuwa lili pamutu, tulo timene sanatione chimwalirire a Ezeliya. Ndipo m'mawa mwake tsache linachedwadi.